Alamu Yanu Yopanda Mawaya ndi Chitseko Changa Chachitsulo

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Mlonda Wosagona,
Ogulitsa ma alamu opanda mawaya.

Olemekezeka Bwana,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ndiponso kuti mukugona tulo tokoma pamodzi ndi onse a kwanu. Ine kuno ndili bwino pang'ono. Pang'onopo ndi pamene pandigwiritsa cholembera.

Simundidziwa, Bwana, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Ndine mmisiri wowotcherera zitsulo. Ndimapanga mageti, zitseko ndi zitsulo za m'mawindo. Sukulu ndinalekeza sitandade faifi, choncho mukaona pena pakhota musaseke kwambiri, dzanja ili linazolowera hamala. Ndinabwera kawiri ku ofesi kwanu kudzakuthokozani pamaso. Ulendo woyamba anandiuza kuti muli pamsonkhano. Wachiwiri anati mwangotuluka kumene, ngakhale galimoto yanu inali pomwepo pamthunzi, kaya munatuluka wapansi kukawongola miyendo. Ndiye ndaganiza zolemba poyera, kuti kuthokoza kwangaku akumve ndi ena omwe akufuna kugula.

Ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, wa chaka ndi miyezi iwiri. Timamutchula Kadona, poti m'nyumba muno wolamula ndi iyeyo. Chibadwire mwanayu ndinasanduka munthu wamantha. Kale ndinkakwera pamwamba pa thanki ndi makina owotcherera osaganiza kanthu. Lero ndikaona msomali pansi ndimautola, ndikaona ndowa ya madzi ndimaivundikira. Ndiye mwezi umene Kadona anayamba kukwawa, akuba analowa kwa aphunzitsi, nyumba yachitatu kuchokera kwathu, dzuwa lili paliwombo. Anatenga wailesi yakanema, mabulangete, mpaka nsapato za ana. Ine ndimachoka m'mawa kubwera madzulo, mayi a Kadona amatsala okha ndi mwana. Ndinaika chitseko chachitsulo, ndinaika zitsulo m'mawindo onse, ngakhale pa kawindo ka kubafa pomwe mphaka amalowa chopinda msana. Koma mtima sunakhale pansi. Chitsulo chimatchinga koma sichikuwa. Ine ndinkafuna chinthu chokuwa, ndipo ndi mmene ndinafikira pa sitolo yanu.

Zothokoza zanga ndazipatsa manambala kuti ndisasokoneze.

1. Ndithokoze chifukwa cha wogulitsa wanu, bambo wa tayi yofiira uja. Kwathu kuno timangowatchula Atayi. Munthu ameneyu ali ndi pakamwa, Bwana, akhoza kugulitsa chipeso kwa munthu wadazi. Ndinapita ndi mafunso anayi amene ndinalemba pa chidutswa cha katoni. Magetsi akazima zimatani? Batire limakhala miyezi ingati? Mvula ikagwa? Ikawonongeka akonza ndani? Atayi sanafune kundivutitsa kuwerenga. Anandiyalira mabokosi atatu, alamu yaing'ono, yapakati ndi yaikulu, n'kundifunsa funso limodzi lokha, ngati mwana wanga ndimamukonda. Akuti yaing'ono ndi ya anthu osakwatira amene akulondera wailesi basi. Yaikulu ndi ya mabwana a galimoto ziwiri. Yapakati ndiye ya bambo weniweni. Nanga ine ndikanati ndine bambo wabodza? Katoni ija ndinaibweza m'thumba.

Analemba fomu, ndipo pa mzere wa ntchito analemba okha ndi dzanja lawo kuti wowotcherera. Anayang'ana zipsera za m'manja mwangamu n'kunena kuti mmisiri ngati ine sangavutike nayo, ndi yongomata basi. Sanafunse kuti chitseko changa ndi cha chiyani, chayang'ana kuti, makoma ndi otani. Ine munthu akafuna geti ndimayamba ndapita kwawo ndi tepi. Ndimayeza, ndimaona kumene madzi amayenda, ndimafunsa ngati pali ana okonda kukwera. Koma uko ndi kusaphunzira kwanga. Inu ophunzira mumayeza nyumba ya munthu pongomuyang'ana nsapato.

2. Ndithokozenso buku limene linali m'bokosi. Masamba makumi asanu ndi limodzi, zilankhulo zisanu ndi zinayi. Ndinafufuza changa mpaka kuchikuto chakumapeto, mwina inki inatha musanachifike. Zilembo zake ndi zazing'ono ngati nyerere zoyenda pamzere. Ndinapita nalo kwa aphunzitsi kuti andiwerengere. Analigwira patali, n'kuligwira pafupi, kenako n'kundikumbutsa kuti magalasi awo anapita ndi akuba aja. Tinangoonera zithunzi.

3. Ntchito yoika alamu munandisiyira ndekha, pondilemekeza ngati mmisiri. Komabe simunanditaye. Tsiku lotsatira Atayi anabwera okha panjinga yamoto kudzamata sitika pa chitseko changa, yofiira, yaikulu ngati mbale, yolembedwa kuti nyumba ino ikulondedwa ndi Mlonda Wosagona. Anaisisita ndi kampango, anaijambula chithunzi, anakwera njinga n'kumapita. M'nyumba sanalowemo, anati akuthamangira kwina. Zikomo chifukwa cha ulendo umenewo.

4. Tsopano guluu. Zoti alamu ndi yopanda mawaya ndinamva. Zoti ndi yopandanso misomali sindinadziwe. Timabokosi toyera tija, timene timamva chitseko chikatseguka, timangomatidwa ndi guluu ngati sitampa. Chitseko changa chayang'ana kumene dzuwa limawomba, ndipo ikamakwana leveni koloko chimatentha moti simungachigwire ndi dzanja. Guluu amasungunuka, kabokosi kamagwa, alamu n'kuyamba kukuwa. Pomwe guluu wagwira, kadiso ka alamu ka pabalaza, kamene kamaona chilichonse choyenda, kamayamba kuona zake: makatani akagwedezeka, buluzi akadutsa pakhoma, thewera likawuluka pa mpando. Mlonda wanu ndi wakhama, Bwana, sanaphonyepo buluzi ngakhale mmodzi.

Tsiku loyamba kulira panabwera anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Ena ndi mipini, ena ndi njerwa, ometa tsitsi a pakona ndi lumo m'manja, kumbuyo kwawo kasitomala wometedwa mbali imodzi. Misozi inalengeza m'maso mwanga poona mmene anthu amatikondera. Kachiwiri anabwera asanu ndi atatu. Pofika sabata yachiwiri ikalira anthu ankangoti ya amisiri ija yayambapo, n'kupitiriza zimene akuchita, ana n'kumavina. Kale mkazi akakuwa mumsewu mwathu aliyense ankataya zimene wagwira. Inu m'masiku khumi ndi anayi okha munatiphunzitsa tonse kumva phokoso n'kukhala phee. Sukulu yotere ndi yosowa.

5. Ya foni ndisaiwale. Alamu ikalira uthenga umabwera pa foni yanga, monga Atayi analonjezera, ndipo apa ndiye simunaname. Mwezi umodzi ndinasiya ntchito kakhumi n'kamodzi, kupalasa njinga ngati wamisala, kukapeza buluzi. Geti la munthu wina ndinaliwotcherera chopendekera chifukwa cha changu, mpaka lero limatseguka lokha. Ndinaimba nambala yanu yothandizira makasitomala. Kuli nyimbo yabwino kumeneko. Ndinaimvetsera mpaka kuiloweza, moti ndimaing'ung'udza pogaya zitsulo. Pakati pa nyimboyo pamabwera mayi wa mawu okoma kundiuza kuti ndine wofunika kwambiri kwa inu. Palibe anandiuzapo zimenezi kambirimbiri chotero, ngakhale mayi a Kadona nthawi ya chibwenzi. Munthu atayankha, tsiku lachitatu, anandilangiza kuti ndiizimitse n'kuiyatsanso.

6. Apa ndiye pali tchimo langa, ndipo sindibisa. Moyang'anana ndi nyumba yathu muli mayi wina wachikulire wosoka zovala, tonse timati Atelala. Zaka zisanu ndi zinayi akhala akusokera pakhonde pawo, makina atayang'ana kumsewu, ndiye kuti kuchitseko kwathu. Mwendo uli pa makina, maso ali ponseponse. Mlendo akaima pakhomo pa munthu, asanagogode n'komwe, Atelala amakhala atamufunsa kale kuti akufuna ndani. Tsiku limene kwa aphunzitsi kunabedwa iwo anali kuchipatala, ndipo aliyense amadziwa kuti akubawo anadikirira tsiku limenelo. Mayi a Kadona akamapita kuseri kukachapa ankangokweza dzanja, Atelala n'kugwedeza mutu. Alamu yathu inali imeneyo, koma ine sindinkaiwerengera poti inalibe bokosi ndi buku.

M'masiku a phokoso aja Atelala anabwera kwathu mwaulemu. Anati mwana wanga, kachinthu kanuka kandipha ndi mtima, dzulo ndasokera mkono wa malaya kukhosi chifukwa chodzidzimuka, bwanji osangokachotsa poti ine ndimakhala pano tsiku lonse. Ine manyazi anali atandikwana, kutopa kulinso pomwepo. Ndinawayankha kuti mlonda wanga ndi wabwino chifukwa amaona koma sanena miseche. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, Bwana, pamaso pa mkazi wanga. Atelala anangokonza mpango wawo kumutu n'kuwoloka msewu. M'mawa mwake makina anali atatembenuzidwa, ayang'ana kukhoma, ife atipatsa msana.

7. Nditayambana ndi anthu chotero ndinati alamuyi ndiikonza ndekha, ione kuti ili m'nyumba ya mmisiri. Timabokosi ta pachitseko ndinatipangira tizitsulo togwira, tinasiya kugwa. Kenako ndinayang'ana bokosi lalikulu la pabalaza, limene limalandira mauthenga onse, lokongola, la timagetsi tobiriwira. Ndinati wakuba akalowa adzayambira kuba limeneli. Nanga mlonda amene angathe kubedwa ndi mlonda? Ndinadula chitsulo chochindikala, chimene timapangira zitseko za masitolo, n'kuliwotcherera nyumba yakeyake. Mbali zonse zinayi, pamwamba ndi pansi, popanda kabowo ngakhale kolowa nyerere. Ndinapaka penti yotuwa, ndinamanga kukhoma ndi mabawuti, n'kukhoma ndi loko wamkulu.

Kuyambira tsiku limenelo, zii. Masabata atatu osalira ngakhale kamodzi. Abuluzi ankadutsa mwaufulu. Kadona anayamba kugona masana, mayi ake anayambanso kuseka, ine n'kumauza anzanga kuntchito kuti ndakonza zimene akatswiri a kampani alephera. Ndinkayenda chotukumula chifuwa podutsa pakhonde pa Atelala.

8. Lachinayi la sabata yatha ija, cha m'ma leveni koloko m'mawa, mayi a Kadona anagoneka mwana pa kamatiresi pabalaza, pansi penipeni pa bokosi lija, poti ndi pamene pamazizira. Anakankha chitseko osakhoma, anadina batani la pa karimoti ka alamu monga ndinawaphunzitsira, n'kupita kuseri kukachapa matewera, mpope ukuthira madzi m'beseni. Dzanja sanakweze, analibe womukwezera.

Munthu analowa. Chitseko chinatseguka, mlonda wanu sananene kanthu. Munthuyo anayang'ana pabalaza n'kuona bokosi lachitsulo lotuwa, la loko wamkulu, lomangidwa kukhoma. Inunso mukanaganiza chiyani, Bwana? Anati muli chuma cha banja lonse. Anatulutsa chitsulo chokanulira, anaponda mwendo umodzi mbali iyi ya kamatiresi, wina mbali inayo, mwana wanga ali pakati pa mapazi ake, n'kuyamba kukanula. Kadona sanadzuke. Apanso ndikuthokozeni, poti mwana amene anaphunzira pa sukulu ya alamu yanu phokoso la chitsulo amalimva ngati nyimbo yomugoneka. Madzulo ake pomusambitsa ndinapeza fumbi la khoma m'tsitsi mwake ndi kanyenyeswa ka njerwa m'khutu. Bokosilo ndi lolemera ngati theka la thumba la simenti. Likanamupulumuka m'manja. Chiganizo chimenechi sindichimaliza, mumalize nokha.

Pakhoma limene Atelala anayang'anako pali galasi lalikulu lodziyang'anira makasitomala akamayesa zovala. Atelala anamuona munthu uja m'galasimo akulowa kwathu. Iwo eni akuti pakamwa panayabwa kuti amufunse akufuna ndani, koma anakumbuka kuti ndi amiseche, ndiye anameza mawu n'kupitiriza kusoka. Mphindi zimenezo, zimene munthu uja anaima pamwamba pa mwana wanga, ndinazigula ine ndi lilime langa. Koma atamuona akutuluka atakumbatira bokosi, anataya nsalu n'kukuwa kamodzi kokha kuti wakuba. Kamodzi, Bwana. Msewu wonse unatuluka, ometa tsitsi aja ali patsogolo ndi lumo lawo. Mawu a Atelala sanakuwirepo buluzi, ndiye anthu sanafunse kawiri.

Wakubayo anathamangira kumpanda, koma ine sindipanga zinthu zopepuka. Pokwera, bokosi linamupulumuka n'kugwera pamwala, chivundikiro n'kuthyoka. Iye analumpha n'kuthawa, kusiya nsapato imodzi. Ndipo pamenepo, wakuba ali kale kutsidya, anthu ali wefuwefu, alamu yanu inaona kuwala kwa dzuwa n'kuyamba kukuwa ndi mphamvu zake zonse. Pa foni yanga kuntchito panabweranso uthenga wanu woyamba m'masabata atatu. Unkati batire latsala pang'ono kutha. Ndinati ndigula poweruka. Amene anandiimbira kuti ndithamange ndi ometa tsitsi.

9. Ndithokoze katswiri wanu wa kuseri kwa sitolo, amene ndinamupititsira zotsala za alamuyo. Anaseka mpaka kuitana anzake kuti adzaone bokosi langa, mmodzi analijambula. Kenako anandifotokozera bwinobwino kuti mauthenga a alamu yopanda mawaya amayenda mumphepo, ndipo chitsulo chimawatchinga. Ndiye kuti masabata atatu onse aja mlonda ndinali nditamutsekera m'chitokosi, wosamva, wosalankhula. Anandionetsa kuti zinalembedwa pa tsamba 41, pansi penipeni, m'zilankhulo zonse zisanu ndi zinayi. Anawonjeza kuti ngakhale chitseko chachitsulo chimafuna timabokosi ta mtundu wina, osati timene ndinagulato. Anati popeza ndinaigwiragwira ndekha kampani singandithandize, koma ngati mwana wanga ndimamukonda, ilipo yaikulu ija.

Ndikuvomera, Bwana, mutu wopusa ndi wanga. Sindinawerenge tsamba 41. Ndingofunsa modzichepetsa, monga munthu wa sitandade faifi. Munthu amene walemba yekha pa fomu kuti wowotcherera, waona zipsera, wabwera mpaka pakhomo n'kusisita chitseko chachitsulo ndi kampango, zikanamutengera mphindi zingati kunena kuti amisiri, chinthu ichi chimadana ndi chitsulo? Ine ndikagulitsa geti ndimauza mwini wake kuti azithira mafuta m'mahinjesi. Sindimubisira pa tsamba 41. Koma mwina kwa inu mawu otere amachedwetsa mzere.

Mmene zilili lero ndi motere. Mayi a Kadona anabereka mwana kumsana madzulo a tsiku la wakubalo n'kupita kwa apongozi. Sanakalipe, ndipo ndi zimene zikundiopsa. Anangoti adzabwera tsiku limene makina a Atelala adzayang'anenso kuchitseko kwathu. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. M'nyumba muli kansapato kamodzi ka Kadona pansi pa mpando, ndi mabowo anayi pakhoma. Ndamva kuti wayamba kutchula mawu atsopano kumeneko, ine kulibe.

Ndinapita kukapepesa kwa Atelala, aphunzitsi atandiperekeza. Ndinagwada pakhonde, anthu akudutsa. Atelala anandiuza kuti sanakuwire ine, anakuwira mwana, ndipo ndisadzinamize. Ndinaona kuti miyendo ya makina awo ikugwedera, ndiye ndinawawotcherera ina yatsopano, yolimba, ya penti yakuda. Analandira, anaigwedeza kuti aone ngati ili bwino, anati dzanja ndili nalo, pakamwa ndiye pamafunika kuwotcherera. Koma makina akadayang'anabe kukhoma. Akuti iwo salanda ntchito ya mwini. Pa chitseko changa palembedwa poyera, ndi zilembo zofiira, kuti nyumba ino ili ndi mlonda wake wosagona, ndiye iwo nkhalamba yamiseche, yogona usiku, angapikisane naye bwanji? Akuti amene anamata chinthucho ndi amene adzachichotse, iwo akuona, tsiku limenelo adzatembenuka.

Ndiye ndafika pa pempho langa, Bwana, ndipo ndi laling'ono. Alamu ina sindikufuna, yaikuluyo isungireni a galimoto ziwiri. Zotsala za yapakati ija khalani nazo, pamodzi ndi bokosi langa, mwina mungasungiremo mabuku. Ndikungopempha kuti mutume Atayi, panjinga yamoto yomwe ija, adzachotse sitika yanu pa chitseko changa. Ndisaname, ndinayesapo ndekha Atelala ali kumsika. Ndinathira madzi otentha, ndinapaka palafini, ndinapala ndi mpeni mpaka kuthyola chikhadabo. Dzuwa lomwe lija, limene linkasungunula guluu wa timabokosi tsiku ndi tsiku, sitikayi langoikhwimitsa. Pa zonse zimene munandigulitsa ndi chokhachi chimene chagwira, ndipo ndikuyamikira kuti guluu wabwino munamusungira dzina lanu. Ndikanatha kupala ndi galayinda yanga yogayira zitsulo, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, koma Atelala anena kale mawu awo, komanso ulemu sukundilola kugaya dzina la munthu wamkulu ngati inu.

Atayi abwere masana, cha m'ma leveni koloko, chitseko chitatentha bwino, kuti achigwire ndi manja awo adziwe kuti ndi cha chiyani. Nyumba sadzasochera, ndi yokhayo ya dzina lanu mumsewu monse. Akamaliza awoloke msewu, avule chipewa, apereke moni kwa mayi amene adzawapeze atayang'ana kukhoma. Asawagulitse kanthu. Angowathokoza m'malo mwanu, poti ntchito imene inu munalemba pa chitseko changa, iwo aigwira zaka zisanu ndi zinayi popanda batire.

Ndine wanu wodzichepetsa, amene tsopano ndi wosagona weniweni,

Bambo a Kadona,
wowotcherera zitsulo.